Mano a Bambo Alibe Mlandu

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Yankho mudzandiuza pambuyo pake, chifukwa lero ndilibe mtima wodikira. Khalani pansi, alamu ngati ali pafupi aitaneni: Bambo ajambula! Nyimbo zawo zonse zalowa dzulo, zili mu kompyuta, ndazikoperanso m'malo ena, moti situdiyo itati ipse lero ine ndingalire ketulo yanga yokha. Zilembo zikamapendekeka musaganize kuti mlongo wanu wayamba kumwa, ndi dzanja likuvina lokha.

Za chotupa chapakhosi chija mukudziwa, ndipo Mayi anakuuzani kuti adokotala achichotsa Lolemba likubwerali. Mukudziwanso kuti anati Bambo akatuluka m'chipinda cha opaleshoni, za kuimba aiwale. Tangoganizani: munthu waimba m'mabandi moyo wake wonse, m'maholo, m'mahotela, anthu akuvina mpaka kuthyola zidendene za nsapato, koma alibe ndi nyimbo imodzi yomwe yojambulidwa. Inalipo kaseti imodzi, ija munajambulirapo mpira wa pa wailesi muli mnyamata. Sindikukukumbutsani kuti mumve chisoni, ndikungofuna mbiri ilembedwe molondola. Ndiye ndinawakakamira Bambo ngati nkhupakupa kuti abwere kuntchito kwanga tijambule nthawi isanathe. Anakana, anakananso, kenako tsiku lina ndinangoona atulukira atavala jekete lawo labuluu lija, nsapato zikuwala ngati akukafunsira.

Kuti mumvetse zimene zinatsatira, muyenera kuwadziwa mabwana anga. Situdiyo yathu ili ndi eni ake awiri, amene anali mabwenzi odyera mbale imodzi mpaka tsiku limene anatsegula bizinesi limodzi. Wina timawatcha a Taye, chifukwa kutenthe kuzizire, taye ili pakhosi. Winayo ndi a Chipewa, ankaimba gitala ya besi kale, ndipo pakati pa mutu pawo palibe munthu wamoyo amene anapaonapo. Pachitseko cha a Taye panalembedwa kuti Mkulu wa Kampani. A Chipewa atawerenga sanakangane, anangopita kwa wolemba zikwangwani, mawa lake pachitseko chawo panali Mkulunso wa Kampani. Wantchito ndine ndekha. Akulu awiri, wolamulidwa mmodzi. Anzanga amene anaphunzira za maboma akuti si zachilendo.

Katundunso ndi wogawana. A Taye anagula mikisa, chitebulo cha mabatani chija munachiona pa chithunzi n'kundifunsa ngati ndayamba kuyendetsa ndege. A Chipewa anagula bokosi lofiira limene mawaya a maikolofoni amalowamo. Ilo limalandira mawu, kuwasandutsa manambala, n'kuwatumiza ku mikisa. Aliyense anamata dzina lake pa chake, zomata zazikulu ngati za pa minibasi, kuopa kuti katundu akatsala yekha angaiwale mwini wake.

Tsiku loyamba Bambo analowa m'kachipinda koimbiramo, ine ndili kuseri kwa galasi. Ndinawaveka mahedifoni, iwo n'kufunsa ngati tsitsi silinagone. Kenako anatsegula pakamwa. Achimwene, mawu alipo! Atsika pang'ono, ali ndi kamchenga m'mphepete, koma mchenga wake ndi uja oimba achinyamata amaufuna osaupeza. Ine ndinaiwala kuti ndili pantchito, ndinkamvera ngati mwana wawo, osati ngati wojambula. Atamaliza ndinawaitana kuti adzamve pa masipika akuluakulu. Ndime yoyamba tinaimvera tikumwetulira tonse. Mwadzidzidzi, tha! Kaphokoso kakang'ono, kouma, ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi pafupi ndi khutu lako. Nyimbo inapitirira. Patapita kanthawi, tha!

"Bwezera," anatero Bambo.

Ndinabwezera. Tha, pamalo omwe aja. Ndinawaona akutseka pakamwa pang'onopang'ono, lilime likuyendayenda mkati ngati kondakitala wowerenga anthu.

"Injiniya," anatero, mukudziwa ndi mmene amanditchulira akafuna kundiseka kapena kundithawa, "lero ndatopa. Tidzapitiriza."

Sanapitirize. Mawa lake mutu, mkuja mwake mwendo, tsiku linalo jekete lili kochapa. Mayi ndi amene anandikokera kukhitchini, n'kutsegula mpopi kuti madzi aphimbe mawu.

"Iwe, bambo ako akuti ndi mano."

"Mano ati, Mayi?"

"Usandipusitse. Mano aja kulibe aja."

Alamu mwina sakudziwa lamulo la pakhomo pathu, muwafotokozere. Bambo alibe mano oikirira. Sanakhalepo nawo. Amene tonse tinakumana nawo m'kapu pawindo la kubafa, akutisekerera m'mamawa, anali alendo odutsa, ndipo tonse tinangowerama mwaulemu n'kutseka chitseko. Tsopano Mayi akuti mwamuna wawo akumaima pagalasi, kuimba mzere umodzi, kusiya, kumvetsera. Agula guluu wa mitundu iwiri ku famase. Ndipo anena kuti sangasiyire adzukulu nyimbo zimene mano akudziwombera okha m'manja.

"Ndiye ndikawauze kuti si mano," ndinatero.

"Ukangotchula liwu limenelo, ku situdiyo kwakoko sadzapondakonso. Ine ndakhala nawo zaka zonsezi, sindinalitchulepo. Ndimati, 'Mwaiwala zinthu zanu kubafa.'"

Mwauona mlandu umene ndinapatsidwa? Nditsimikize kuti woimbidwa mlandu ndi wosalakwa, koma dzina lake osalitchula m'khoti, uku tsiku la opaleshoni likubwera osacheuka.

Ndinayamba ndi anansi, monga amachitira wapolisi aliyense waulesi. Ndinazimitsa firiji. Ndinazimitsa fani. Mafoni onse ndinawathamangitsira pakhonde. Ndinakapempha wowotcherera zitsulo wa kuseri kwathu kuti apume pang'ono, iye n'kundifunsa ngati ana ake ndiwadyetsa ndine. Ndinasintha mawaya, ndinasintha maikolofoni, ndikujambula mawu anga omwe, ine wa mano obadwa nawo. Tha anali pompo, wathanzi lake. Kenako ndinachita chimene ndinayenera kuyamba nacho: ndinakulitsa chithunzi cha mawu a Bambo mpaka chinadzaza sikirini ya kompyuta. Tiphokoso tija tinaima ngati mapolo a magetsi m'mbali mwa msewu, mipata yake yofanana ndendende, ngakhale pamene Bambo anali chete akukoka mpweya. Achimwene, palibe dzino padziko lapansi, lobadwa nalo kapena logula, limene lili ndi khalidwe lotere. Ndinakuwa ndekha m'chipinda: wotchi!

Apa mundilole ndikuphunzitseni, inu amene mumauza anzanu kuti mlongo wanu anapita ku yunivesite kukaphunzira kukweza ndi kutsitsa voliyumu. Makina a masiku ano satenga mawu athunthu ngati mmene inkachitira kaseti. Amawadula tizidutswa, zikwi ndi zikwi pa sekondi imodzi, n'kumapatsirana. Kuti adziwe nthawi yopereka ndi nthawi yolandira, makina alionse ali ndi kawotchi m'mimba mwake. Ganizirani amisiri awiri pomanga nyumba, wina akuponya njerwa, wina akuwakha, onse atatsinzina, aliyense akuwerenga chamumtima. Poyamba zimayenda. Koma palibe mawotchi awiri amene amagwirizana mpaka kalekale. Ina imafulumira pang'ono zedi, pang'onopo pamaunjikana, ndipo nthawi ikakwana njerwa imodzi imagwa pansi. Kugwa kwakeko ndiye tha. Mankhwala ake ndi osavuta: mmodzi aziwerenga mokweza, winayo asiye kuwerenga kwake azingomvera. Pali kachingwe kake kapadera kongonyamula kuwerengako. Tsoka lake n'lakuti amene anapanga makinawa anasankha mayina oipa. Wowerenga mokweza anamulemba ndi liwu la Chingerezi lotanthauza bwana. Womvera anamulemba kapolo.

Ine pokonza situdiyo ndinaika mikisa kukhala bwana, bokosi lofiira kapolo, osati mokondera ayi, koma poti zina zonse zimadya kwa mikisa. Tsopano nditasuzumira pa kagalasi ka bokosi lofiira ndinapeza palembedwa bwana. Mabwana awiri m'chingwe chimodzi! Mikisa nayo inali ikudandaula masiku onsewa, ili ndi kanyali kofiira kochenjeza, koma kanyaliko kanali pansi pa chomata cha dzina la a Taye, kakuphethira mumdima ngati munthu wokasuma ku ofesi imene mwini mlandu ndiye mlembi.

Ndinabwezera bokosi pa ukapolo wake, ndinayesa, zii. Ndinavina. Ndinathamangira kunyumba chikwama chili chotsegula.

"Bambo, anali makina! Ndakonza!"

Anandiyang'ana mwachifundo. "Amayi ako anakulera bwino, mwananga. Umadziwa kusangalatsa akulu."

Ndinalumbira pa digiri yanga, ndinalumbira pa chilichonse chimene chinali pabalaza, mpaka anavomera kubwera mawa lake. Anabweradi. Bokosi sindinaliyang'anenso, pajatu chinthu ukachikonza dzulo umachikhulupirira ngati m'bale wako. Anaimba ndime imodzi, mosamala, milomo itafinyika ngati akumwa mankhwala owawa. Tinamvera. Tha!

Achimwene, bola akanandikalipira. Anangondisisita paphewa n'kunyamula jekete lawo. Pakhomo anati, "Usavutike, Injiniya. Wayesetsa." Ndinamva mapazi awo akutsika masitepe, ndipo zimene ndinachita pambuyo pake sindikuuzani, chifukwa mainjiniya sachita zimenezo. Nditapukuta m'maso ndinayang'ana bokosi lofiira. Bwana.

Ndinaganiza kuti mwina limaiwala magetsi akathima. Ndinalibwezera, ndinalizimitsa, ndinaliyatsa: kapolo, wokhulupirika. Ndiye kuti pali dzanja la munthu. M'mawa mwake ndinalawirira, ndinalowa m'kachipinda koimbiramo osayatsa getsi, chitseko ndinachisiya pang'ono, n'kukhala pansi kuseri kwa galasi ngati mphaka. Sindinadikire nthawi yaitali. Chinayamba kulowa chipewa, mwini wake pambuyo, akuyenda monyang'ama. Anapita molunjika pa bokosi lofiira, anadina batani, kenako analisisita pamwamba. Ndinawamva akunong'ona, "Usamalole, mwanawe."

Ndinatuluka. "A Chipewa, mwadzuka bwanji? Mukutani?"

Analumpha, koma chipewa sichinagwe. "Ndikumasula kapolo."

"Ndinu mwakhala mukusintha?"

"Ndine, ndipo sindikubisa." Anali atangobisa kumene. "Achemwali, bokosi ili ndinaligula latsopano, lili m'pulasitiki mwake. Chitebulo cha anzangawo chinabwera chitatumikira kale kwina, chili ndi zipsera za ndudu. Tsiku lija kunkabwera bambo anu ndinati ndilipukute fumbi kuti alendo aone, ndikupeza palembedwa kapolo. Kapolo wa ndani? Wa taye?"

"Ndi mawu chabe, bwana. Sizikukhudza ulemu wa munthu."

"Inu mwaphunzira, mukudziwa kuti zoipa zonse zinayamba ndi mawu chabe."

Ndinawafotokozera za njerwa zija. Anamvetsa bwinobwino, munthuyu ndi woimba. Ndiye ndinati chabwino, kwa makina zilibe kanthu, bokosi lanu likhale bwana, mikisa ikhale kapolo, tha atha.

"Mikisa yanga ikhale chiyani?"

A Taye anali pakhomo, chikwama m'manja, khosi likufufuma pamwamba pa kolala. Ndinayesa nzeru za m'mabuku atsopano. Ndinati masiku ano mayina aja akuwasiya, akumati wotsogolera ndi wotsatira.

"Wotsatira ndi kapolo amene wasamba," anatero a Chipewa.

"Apo mwanena zoona," anatero a Taye. Kanali koyamba kugwirizana chaka chino.

Pamenepo ulemu unandithera. Ndinawauza kuti bambo anga akukachitidwa opaleshoni, kuti mawu awo atsala ndi masiku ochepa, ndipo ali kunyumba akukhulupirira kuti vuto lili mwa iwo, chonsecho vuto ndi amuna awiri a ndevu zawo amene akulimbirana ufumu m'kachingwe kochepa ngati chala. Anachita manyazi, ndisawanamizire. A Taye anayang'ana nsapato zawo. A Chipewa anati nyimbo za Bambo anazivinapo ali mnyamata, ndipo sangafune kuwalakwira. Kenako onse awiri, aliyense kuloza mnzake: "Mwamva? Gonjani." Anayamba pamodzi, anamaliza pamodzi. Zinthu ziwiri m'situdiyo muno kuyendera nthawi imodzi popanda chingwe, ine ndinali ndisanaonepo.

Mnzanga wina wa ku yunivesite amagwira ntchito ku wailesi. Ndinamuimbira, ndinalira pang'ono mwaukadaulo, masana omwewo anandibwereka kabokosi kakuda kochepa ngati buku. Kabokosi aka sikalandira mawu, sikatulutsa mawu, sikaimba, sikajambula. Ntchito yake ndi kuuza ena nthawi basi, ngati amalume athu aja pa misonkhano ya banja. Ndinaitana akulu onse awiri.

"Kuyambira lero bwana ndi aka. Mikisa kapolo, bokosi kapolo."

Anayang'anizana.

"Onse awiri?" anafunsa a Chipewa.

"Onse awiri."

"Ndi chitebulo chomwe?"

"Ndi chitebulo chomwe."

Nkhope yawo inawala. "Aaa, chilungamo ndiye chimenecho." A Taye nawo anagwedeza mutu, okhutira. Ndinaphunzira zambiri ku yunivesite, Achimwene, koma ichi anatibisira: ukapolo munthu saudandaula kwenikweni, chimene chimamusowetsa tulo ndi kuona wa chitseko choyandikana ali bwana. Atatuluka, a Taye anabwerera okha n'kundinong'oneza kuti chingwe chawo chilowe pa bowo loyamba la kabokosi. Posakhalitsa a Chipewa anabwera ndi pempho lomwelo. Ndinamata tepi pa manambala onse a mabowo, n'kuuza aliyense kuti zatheka.

Makina anatheka. Anatsala Bambo, amene kwa iwo ndinali nditawanamiza kale kamodzi. Apa ndi pamene ndinaona kuti Mayi akanapita ku yunivesite, bwenzi dziko likuyenda mwina. Anawapeza pakhonde akuwerenga nyuzipepala.

"Abambo ake, mwana wanu ntchito imuthera. Makina amukanika, mabwana akewo onse ndi ogontha. Akufuna khutu la munthu wodziwa nyimbo."

"Ine zoimba ndasiya."

"Ndani wati muimbe? Mawu anuwo akuwafuna ndani? Akufuna makutu."

Anafika dzulo m'mawa ngati woyendera masukulu, manja kumbuyo. Ndinawakhazika pamalo panga, pakati pa masipika. Akulu awiri anaima kukhoma, Mayi pa sofa. Ndinawaonetsa kachipinda koimbiramo, mulibe munthu, maikolofoni yokha, n'kutseka chitseko. Kenako ndinazula kabokosi kakuda, n'kukweza makina onse awiri pa ubwana mwadala. Nkhope za eni ake zinasangalala pang'ono, sizikanachitira mwina. Ndinakweza voliyumu.

Poyamba mpweya wokhawokha. Kenako, tha!

Bambo anaweramira kutsogolo. Tha! Ndinaona dzanja lawo lamanzere likukwera mwakachetechete n'kugwira chibwano, kuchifinya zolimba ngati munthu woganiza zakuya. Tha! Chala cha dzanja linalo chinayamba kugogoda bondo. Chinawerenga, chinawerenga, kenako chinanyamuka m'mwamba, n'kutsika pamodzi ndi tha wotsatira, osaphonya.

"Ichi chikusunga nthawi," anatero. "Muli ndani m'menemo?"

"Mulibe munthu, Bambo."

Ananyamuka, anakatsegula okha, anasuzumira ndi kuseri kwa chitseko komwe. Atabwerera ndinalumikiza kabokosi kakuda, ndinatsitsa mabwana onse awiri pa udindo, tinyali tinasanduka tobiriwira. Tinadikira. Chala cha Bambo chinawerenga, chinanyamuka, chinatsika pa bondo chokha. Zii. Chinawerenganso. Zii. Achimwene, ndamva nyimbo zambiri pa ntchito imeneyi, koma chete ameneyo kukanatheka ndikanamuika m'felemu n'kumupachika pabalaza.

Bambo anatsokomola. Anayang'ana kudenga.

"Ine ndimaganiza kuti ndi mpando."

M'kachipinda muja mulibe mpando. Masiku onse awiri anaimba chiimirire.

"Mpando, Bambo?"

"Eya. Mipando ina sikhazikika bwino. Munthu ukati ukweze mawu, umagwedera."

"Mpando ulibe mlandu, Bambo," ndinatero, maso anga ali pa mabatani. "Ndaupima ndi makina. Ndi wolimba kwambiri. Amene anaupanga ankadziwa ntchito yake."

"Anandiuzadi choncho," anatero Bambo.

Mayi anapeza chinthu chofunika kwambiri m'chikwama mwawo, anaweramiramo mapewa akugwedezeka.

Ndinawafotokozera Bambo za mawotchi mwachidule. Anatembenukira kukhoma kumene kunaima akulu aja. "Ndiye nonse mumafuna kugwira nthawi? Ife tinayesapo oimba ng'oma awiri mu bandi imodzi, poti onse anali abale a mwini zida. Holo inagawikana pakati, uku akuvina zawo, uko zawo, okumana pakatipo anapondana mpaka zibakera." Anavula jekete n'kupatsira a Taye ngati ndi ntchito yawo, iwo n'kulilandira ndi manja awiri. "Injiniya, yatsa zinthu zakozo."

Zimene zinachitika kuyambira pamenepo, ndikanakonda mukanakhalapo! Anaimba m'mawa wonse, tinapuma kuti amwe madzi ofunda, anaimbanso mpaka dzuwa linapendeka. Pakamwa ponse potsegula, Achimwene, mpando wonse ukuoneka, wowala bwino. A Chipewa anapirira nyimbo ziwiri, yachitatu anathamangira ku ofesi kwawo n'kubwera ndi besi yafumbi, ndipo ndikuchitira umboni kuti munthu amene anakana kuti bokosi lake limvere mikisa anawatsatira Bambo ngati mwana wa sukulu, maso ali pa phazi lawo. A Taye anamasula taye. Khosi ali nalo, ngati la anthu ena onse. Itafika nyimbo ija ya mtsikana wogulitsa matikiti amene anakana kubweza moni, Mayi ananyamuka pa sofa, anafunsa kuti batani lolankhulira ndi liti, analidina okha n'kunena m'mahedifoni a Bambo kuti, "Bodza, moni ndinabweza, inu ndi amene munathawa." Bambo anaseka pakati pa nyimbo, kuseka kwawo kuja kochokera m'mimba, kumene sitinakumve chiyambireni zopita kuchipatala. A Taye anati tibwereze kuti ituluke yoyera. Ndinati aliyense wokhudza kuseka kumeneko akumana ndi ine panja.

Pempho langa ndi ili ndisanaiwale: kwanuko mundifunire kabokosi kakuda kangakanga, chithunzi chake nditumiza pa foni. Mnzanga akadzafuna kake, nkhondo ya akulu idzayambira pamene inalekera.

Tsopano pali china, ndipo n'chifukwa chake ndalemba kalata. Pa foni sindikanachimaliza. Tsiku limene tinakamva zotsatira, adokotala anandiitanira pakhonde pamene Bambo ankavala nsapato. Anati si kuimba kokha. Chotupacho chakhala poipa, ndipo mwina, anabwereza kuti mwina, kulankhula komwe sikudzabwerera. Sindinauze Mayi, sindinauze inu, ndipo ndinkakhulupirira kuti Bambo sakudziwa.

Nyimbo yomaliza itatha, ena onse atatuluka kukamwa tiyi, Bambo sanavule mahedifoni.

"Idakayenda?"

"Ikuyenda, Bambo."

"Usaimitse."

Anakonza kukhosi, anayandikira maikolofoni. Ine ndinkayembekeza nyimbo ina. Anati, "Mwadzuka bwanji, amayi ake?" Anadikira pang'ono, ngati akumva yankho. "Inenso ndadzuka." Kenako, "Ndani wasiya getsi loyaka kubafa?" Kenako, "Zikomo, chakudya chinakoma." "Tsekani chitseko, udzudzu." "Wafika bwino, mwananga?" Anatchula adzukulu mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina lake lomusekera. Ya getsi ija anaibwereza, akuti yoyamba inalibe ukali wokwanira. Atamaliza anandiyang'ana pagalasi n'kufunsa ngati zamveka bwino. Ndinati zonse zayera, Bambo. Anati, "Uzisunge padera. Amayi ako usawauze, angade nkhawa."

Kalatayi ndapatsira mnzanu woyendetsa lole uja, akuti ikupezani Loweruka lisanafike. Mayi akupereka moni, akuti ana muziwaveka majuzi. Moni wanga kwa alamu, ndipo anawo muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Moni wa Bambo kwa inu ndili nawo muno mu kompyuta, womveka bwino, wopanda chilema, koma sindiutumiza. Imbani foni Lolemba lisanafike, muulandire nokha kwa mwini wake. Ayamba ndi za nyengo, apita ku ndale, akufunsani chifukwa chake simunamalize kumanga mpanda, akuuzaninso nkhani imene mwaimva kambirimbiri. Musati muli pantchito. Musati muimbanso mawa. Asiyeni alankhule mpaka atope okha.

Ndine mlongo wanu,
Injiniya